Boma Likufuna Makolo a Agnesi Davide

Ntaja, Machinga
14 Okutobala 1991

Alamu anga Che Binali,

Asalaamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti Joni ikukusungani bwino. Kuno tonse tilipo. Akazi anu, mlongo wanga Tatu, miyendo ija yasiya kutupa. Ine ndidakali pa makina anga pakhonde la sitolo, kusoka mayunifolomu a ana a eni.

Mayina a opita ku sekondale atuluka. Mwana wanu Mwanasha wakhoza mayeso a Sitandade 8 ngati chaka chatha, ndipo sanasankhidwe ngati chaka chatha. M'kalasi mwawo munali ana 114. Boma latengapo anyamata awiri. Otsalawo lawapatsa pepala lonena kuti ndi anzeru, akakhale kunyumba.

Mukumbuka kuti ulendo uno sitinamulembetse ndi dzina lake. Ahedi akale anatilangiza kuti obwereza amaikidwa kumbuyo kwa mzere, choncho mwana wobwereza ayenera kubadwanso. Tinamutcha Agnesi Davide, n'kumuchotsera zaka ziwiri. Inu munavomereza, munati dzina lachikhristu limayenda msanga m'maofesi. Ndikudziwitseni kuti nalonso silinayende.

Ahedi aja awachotsa. Ena akuti angowasamutsa, ena akuti ndi nkhani yomweyi ya mayina, poti m'kaundula wa sukulu yathu munalibe wobwereza ndi mmodzi yemwe, chikhalirecho anyamata ena m'kalasimo amameta ndevu. Kwabwera atsopano ochokera ku Dedza, munthu wosaseka.

Sabata yatha kunali msonkhano wa makolo, ndipo ine monga wapampando wa komiti ndinakhala kutsogolo. Njerwa zija tinaumba zaka zitatu zapitazo zinasanduka zipupa, koma malata amene tinalonjezedwa sanafike. M'zipindazo mukubisala mbuzi dzuwa likatentha. Bambo wina anaimirira nati, "Sukuluyi ndi yathu tsiku loumba njerwa, ndi ya boma tsiku losankha ana." Tinamukhazika pansi msanga. Ananena zoona, koma ali ndi ana aang'ono.

Tsono funso ndi ili: abwerezenso kachitatu? Zaka zake zenizeni ndi khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Amayi a m'mudzi ayamba kale kuwerenga anyamata a njinga amene akumadutsa pakhomo panu kawiri pa tsiku popanda kopita. Mwa mwambo wathu mawu omaliza pa mwana ndi a malume ake, koma fizi imachokera ku Joni, ndiye ndikufunsa ku Joni.

Mukamayankha mutumizeko masingano a makina. A kuno akumathyoka pa khaki.

Ndine mlamu wanu,
Tawakali Sidi


Randburg
3 Novembala 1991

Alamu Che Tawakali,

Wa aleikumu salaamu. Kalata yanu ndinaiwerenga chiimire m'khitchini, mpunga wa azungu n'kupserera. Ine ndili bwino. Ine amene ndinafika Folomu 2, Chingerezi changa chonse chikuthera pa kuwerenga mabuku ophikira, ndiye musaganize kuti za mwanayu sizikundikhudza.

Asabwerezenso. Kuno kukutseguka kampata.

Kuseri kwa msewu wathu kuli sekondale ya boma, mphindi khumi wapansi. Ili ndi dziwe losambira, mabwalo a masewera atatu, ndi zipinda zina zokhoma poti ana a azungu achepa. Tsopano boma lati sukulu zotere zitha kulandira ana akuda ngati makolo afuna. Koma avote: pa makolo khumi aliwonse, asanu ndi atatu aponye voti, ndipo oposa asanu ndi awiri anene inde. Ana a azungu asachepere theka. Mwaona kusiyana kwake, alamu. Kwathu boma limasankha ana osafunsa makolo. Kuno likufunsa makolo, koma makolo a ana amene ali kale m'kati.

Lachitatu lapitali amadamu amene ndimawaphikira anaitana makolo anzawo kunyumba kuno. Ndinaphika masikono makumi anayi n'kumazungulira ndi tiyi. Munthu wonyamula thireyi amamuona ngati mpando, palibe amene amatsitsa mawu. Bwana wina wonenepa, wogulitsa matayala, anati, "Ine sindida munthu, koma maphunziro atsika." Mwana wake ndimamudziwa. Wabwereza kalasi imodzi kawiri, ndi dzina lake lomwe. Mayi wina wamasiye anati, "Tikakana, boma litseka sukuluyi chifukwa chochepa ana, ndiye tizikawatula kutali m'mawa uliwonse." Apo mitu inayamba kugwedezeka. Ndinaona kuti chimene chidzatsegule chipatachi si chifundo, ndi mtengo wa petulo. Ine zilibe kanthu. Chipata ndi chipata.

Kenako amadamu anatembenukira kwa ine. Pantchito pano ndine Macdonald, monga mukudziwa.

"Macdonald, uli ndi mwana wamkazi, si choncho? Ungakonde kuti aphunzire kuno?"

"Inde, madamu."

"Mwamva?" anatero kwa anzawo, ngati ndawaperekera umboni m'khoti. Atatero anandituma mkaka.

Iwo mwina aiwala kale, koma ine mawuwo ndawasunga. Voti ili kumapeto kwa mwezi uno, sukulu zitsegulidwa mu Januwale. Yambani za pasipoti. Nasibu, wa kwa Kawinga uja amene amayenda ndi katundu pakati pa Joni ndi kumudzi, akubwera kumeneko. Ndamupatsa masingano anu ndi ndalama ya pasipoti, ndipo pobwerera adzamutenga mwanayo. Setifiketi ya mayeso musaiwale.

Ahedi atsopanowo chenjerani nawo. Munthu wosaseka amalemba.

Moni kwa amake Mwanasha.

Mlamu wanu,
Binali Asumani


Ntaja
25 Novembala 1991

Alamu,

Salaamu. Masingano afika, zikomo. Ndilemba mwachidule, ndipo kalatayi ndapatsira munthu kuti akaiponye ku Limbe, osati pa positi ya kuno.

Lolemba lapitali ahedi atsopano anaitanitsa komiti. Anali ndi envulopu ya khaki yokhala ndi chidindo cha boma. Anaiika pa tebulo n'kuisanjika dzanja.

"Ndikufuna makolo a Agnesi Davide," anatero. "Akumudziwa ndani?"

Alamu, m'chipindamo tinalimo anthu asanu ndi awiri, ndipo onsewo anadya nawo mpunga wa ukwati wanu. Palibe anadzutsa mutu. Anayang'ana ine.

"A tcheyamani?"

Ndinati, "Bwana, kuno ndi kwa Asilamu, Davide tingamutenge kuti? Kapena anali wa ku esiteti ya fodya. Anthu aja amasamukasamuka."

Anafunsa aphunzitsi a Sitandade 8. Nawo anati ana anali ambiri, nkhope sangazikumbuke zonse. Anaitana dzinalo pa asembule masiku atatu otsatizana. Ana athu ndi oleredwa bwino: kunali zii.

Ananena kuti nkhaniyi ili ndi tsiku lake lomaliza, ndipo likadutsa iwo asamba m'manja. Sindinafunse kuti tsiku la chiyani. Amene ankakonda kufunsa kuno mukudziwa kumene ali.

M'mawa mwake tinamuchotsa Mwanasha pamudzi. Ali ku Ndirande kwa msuweni wathu, akudikira pasipoti ndi Nasibu. Setifiketi ndaisokera m'kati mwa nsalu ya chikwama chake, mbali yakumanzere. Mukatumbule ndi lumo, mwa pang'onopang'ono.

Ganizo lanu lomutengera ku Joni linabwera pa nthawi yake. Mulungu ndi wamkulu.

T. S.


Ndirande, Blantyre
9 Januwale 1992

Abambo ake Mwanasha,

Moni. Ndine mkazi wanu Tatu. Ndabwera kuno kudzatsanzikana ndi mwana, poti pasipoti yatuluka ndipo Nasibu akuti anyamuka mawa. Kalatayi abwera nayo yekha Mwanasha, ndipo wolemba ndi yemweyo, choncho zina sindinena.

Koma ichi chokha ndinena. Azimayi kumudzi akuti muli ndi mkazi wa Chizulu, ndipo za sukuluzi ndi bodza, mukufuna mwanayu akalere khanda. Mwanasha akundifunsa kuti alembedi zimenezi. Ndati lemba. Ngati zili zoona, mumubweze ndi Nasibu yemweyo.

Ine kusukulu sindinapondeko, koma madzi oumbira njerwa za sukulu ija ndinatunga ndine, miyezi iwiri, mpaka pamutu panachita chipsera. Fizi sitinaphonyepo. Yunifolomu sinasowepo. Ndiye ndimawafunsa achimwene kuti boma likamati mwana wakhoza koma malo palibe, bwanji silinatiuze ali Sitandade 1? Bwenzi nditamuphunzitsa geni ya mpunga, lero ali ndi benchi yake pamsika. Achimwene akuti ndisamalankhule choncho pachitsime. Ndiye ndalankhula m'kalata.

Azungu anuwo asamudyetse za haramu. Mpango asavule, ngakhale amuseke. Mwanayu akagwira buku amaiwala kudya, muzimukumbutsa. Kukazizira amatsokomola.

Mvula kuno sikubwera bwino. Chimanga chayamba kupota masamba.

Ndinabereka ana anayi, wotsala ndi yekhayu. Ndamupereka m'manja mwanu.

Tatu Abiti Sidi


Randburg
9 Febuluwale 1992

Alamu Che Tawakali,

Salaamu kwa inu ndi onse pakhomo. Mwanasha anafika bwino pa 24 Januwale. Anazungulira ku Zambia ndi Zimbabwe poopa nkhondo ya pa msewu wa Tete, ndiye anafika sukulu zitatsegulidwa kale. Wakula. Pa siteshoni ndinamudutsa, anachita kundiitana yekha.

Muwauze mlongo wanu kuti mkazi wa Chizulu kulibe. Chipinda changa cha kuseri kwa galaja ndi chaching'ono moti ndikatsegula chitseko bedi limasuntha. Amadamu akuti ndi cha munthu mmodzi, choncho mwanayu akugona ku Bertrams kwa mayi Madina, amasiye a ku Mangochi amene amasunga atsikana a kwathu.

Voti inadutsa. Ana akuda alowa makumi atatu, ambiri ndi ana a madokotala ndi a eni mateksi. Lachinayi, tsiku langa lopuma, ndinavala jekete n'kumutenga Mwanasha kupita ku ofesi ya sukulu. Tinapezamo mlembi, mayi wa magalasi a tcheni, waulemu ndithu. Anamufunsa mwanayu mafunso m'Chingerezi, iye n'kuyankha onse osayang'ana pansi. Mayiyo anati, "Amalankhula bwino." Ine mtima unakwera. Kenako anati tione mapepala.

Anawayala atatu pa tebulo. Loyamba, chitupa changa. Mukudziwa kuti mu 1975, pamene Manyasa tinkagwidwa m'misewu n'kubwezedwa kwathu, ndinapeza chitupa cha kuno. Mmenemo ndine Macdonald Maluleke, wobadwira ku Giyani, kumene sindinapondeko. Lachiwiri, pasipoti: Mwanasha Binali, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Lachitatu, setifiketi ija munasokera m'chikwama: Agnesi Davide, zaka khumi ndi zinayi.

"Mwana wofuna malo ndi uti?"

"Ndi uyu, madamu."

"Nanga anakhoza mayesoyu ndi ndani?"

"Ndi yemweyu."

"Inuyo ndinu ndani wake?"

"Bambo ake omubereka."

Anavula magalasi aja nati, "Bambo Maluleke, ine pano ndikuona anthu atatu osadziwana."

Sanatithamangitse. Anatilembera pa kapepala zimene zikufunika. Choyamba, kalata ya chidindo yochokera kusukulu ya kwathu yonena kuti Agnesi ndi Mwanasha ndi munthu mmodzi. Chachiwiri, pepala lolumbirira ku polisi lonena kuti Maluleke ndiye bambo wa mwana wa Binali. Chachiwirichi ndiye kuti ndikalowe ndekha ku polisi n'kuwauza kuti zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuyendera dzina la eni. Amadamu akuti ali ndi loya wodziwana naye, mwina angapeze njira ina. Koma choyambacho palibe loya wa kuno angachipeze.

Potuluka mwanayu anaima pa windo la laibulale. Anati, "Ababa, mabuku onsewa ndi a sukulu imodzi?" Ndinati tiye, basi itisiya.

Alamu, ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Ndi ine ndemwe ndinati muchenjere nawo ahediwo. Koma popanda kalata yawo, mwanayu kuno ndi munthu amene sanaphunzirepo. Yesani kugogoda.

Mlamu wanu,
Binali


Randburg
15 Malichi 1992

Alamu,

Salaamu, ndi mafuno abwino a mwezi wa Ramazani. Kalata yanga ya Febuluwale simunayankhe. Mwina ndi positi, mwina ndi mantha. Zonse ziwiri ndimazidziwa, sindikukudzudzulani.

Kuno zasinthanso. Boma lalengeza kuti ndalama zachepa. M'sukulu za azungu lizilipira aphunzitsi okha. Magetsi, mabuku, denga likadontha, mankhwala a m'dziwe lija, zonse ndi za makolo. Dongosololi akulitcha Model C. Ndinaseka ndekha m'khitchini: azungu nawo afika pa kuumba njerwa.

Msonkhano unachitikanso pakhomo pano, masikono omwe aja, ine ndikusala. Bwana wa matayala uja tsopano ndi wokondwa. Anati, "Sukulu yakhala yathu. Fizi tiziika tokha, ndipo fiziyo ndi imene izisunga mwambo." Aliyense anamva chimene amatanthauza. Mayi wamasiye uja anafunsa kuti nanga iye wa ana atatu atani. Anamuyankha kuti komiti iona. Ndinaona mzungu akulira chifukwa cha fizi, alamu. Amalira ngati ife tomwe, kungoti amapukuta msanga.

Fizi imene atchula ndi malipiro anga a miyezi inayi. Akuti mwana wosauka sadzathamangitsidwa. Zoona, koma amene sanalowe sathamangitsidwa, amangosiyidwa panja.

Ndinafunsako za sukulu za ku lokeshoni. Mayi Madina akuti kumeneko sabata imodzi aphunzira, sabata ina anyanyala, m'sitima anthu akuphedwa, ndipo mtsikana wosadziwa Chizulu angamuzindikire tsiku loyamba. Komanso nakonso mapepala ndi omwewa.

Za loya uja amadamu sanazitchulenso. Nditawakumbutsa anati, "Macdonald, zinthu zasintha, ngakhale ife zikutivuta." Kenako anati anzawo a nyumba yachitatu akufuna mtsikana wosita ndi kuyang'anira ana, bwanji Mwanasha azithandizako podikira. Mawu akuti podikira ndimawadziwa. Inenso ndinalowa m'khitchini muno podikira.

Komabe kalata ija ibwere. Fizi ndiona chochita, ndili ndi wailesi ndi suti, ndipo Lachinayi ndikhoza kumadula kapinga kwa anthu. Chimene sindingathe kuchipanga ndi manja anga ndi chidindo.

Binali


Ntaja
6 Epulo 1992

Alamu anga,

Salaamu. Idi tadya dzana, ngati kumeneko n'kudya, poti m'minda mwapsa. Makalata anu onse awiri ndinalandira. Sinali positi.

Khalani pansi musanapitirize.

Sabata yatha ndinalimba mtima. Ndinagwira nkhuku, n'kuwauza akazi anga kumene ndimasunga makiyi a makina, ngati munthu wopita kutali. Ndinapita kunyumba kwa ahedi masana, osati ku ofesi. Ndinawapeza pakhonde akuchonga makope.

Ndinati, "Bwana, ndabwera kudzadzipereka. Agnesi Davide ndi mwana wa mlongo wanga. Dzina lake lenileni ndi Mwanasha Binali."

Ahedi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu ya khaki ija. Anati, "Werengani nokha."

Alamu, munali chisankho chachiwiri. Ana ena osankhidwa poyamba akalephera kupita, boma limatenga otsatira pa mndandanda. Agnesi Davide anapatsidwa malo a Folomu 1 pa sekondale ya boma ya atsikana, yogonera konko. Afike pasanadutse pa 6 Disembala, apo ayi malowo apatsidwa kwa wina. Mtsikana woyamba kusankhidwa pasukulu yathu m'zaka khumi ndi chimodzi.

Nditawerenga ndinati, "Bwanji simunanene, bwana?"

Anati, "Kumene ndachokera ndinalengezapo nkhani yotere poyera. M'mawa mwake kunabwera atsikana atatu, aliyense ndi bambo ake, aliyense akulumbira kuti dzinalo ndi lake. Ndinafuna kuti kholo lenileni libwere lokha. Nanga inu, a tcheyamani, bwanji simunafunse?"

Ndinati, "Chidindo, bwana."

Anagwedeza mutu. Anati za mayina m'kaundula anazidziwa tsiku loyamba, ndipo sanabwere kudzagwira munthu. "Inenso dzina ndikuyenderali si limene anandipatsa mayi anga," anatero. Ndiye anandiuza chimene chikundisowetsa mtendere. Anapalasa njinga kawiri mpaka ku esiteti ya fodya, kukafunsa nyumba ndi nyumba za banja la a Davide, chifukwa ndi kumene ine ndinawalozera.

Lachinayi tinapita limodzi ku ofesi ya maphunziro. Anatilandira bwino. Anatiuza kuti malowo anapatsidwa kwa wina mu Disembala momwemo, mndandanda unatsekedwa, ndipo lamulo ndi lamulo. Ahedi anachonderera mpaka ine ndinawagwira mkono.

Kalata imene mukufuna ija akuti sangalembe. Akadinda pepala lonena kuti mayina awiriwo ndi munthu mmodzi, ndiye kuti adzichotsa okha ntchito, ndipo setifiketi ya mwanayo ingathe kufafanizidwa. Anandipepesa. Nkhuku anandibwezera.

Mlongo wanga ndamuuza. Sanalire, sanandinyoze. Akandiona ndikubwera amalowa m'nyumba.

Akulu anati safunsa anadya phula. Koma phula ili sindinadye ine, ndadyetsa mwana. Ndilibe chimene ndingakuuzeni kuti muchite.

Tawakali


Randburg
10 Meyi 1992

Alamu Che Tawakali,

Salaamu. Kalata yanu ndinalandira milungu itatu yapitayo. Ndaliyamba yankho kangapo n'kung'amba.

Musasenze nokha. Dzinalo tinasankha tonse, ndipo amene anakuopsezani ndi ahediwo ndi ine, ndili kuno, munthu ndisanamuone n'komwe. Ndikanakhala m'chipinda chija inenso ndikanayang'ana pansi. Tinaphunzitsidwa bwino tonse.

Ndinapitanso ku ofesi ya sukulu ya kuno ndekha. Mayi wa magalasi uja anandikumbukira. Anati chaka chino malo adzaza, ndipo chaka chamawa oyamba kuganiziridwa ndi amene mapepala awo ali bwino. Anandipatsa pepala la fizi yatsopano kuti ndikaliwerenge kunyumba.

Mwanasha anayamba ntchito ija kumayambiriro kwa mwezi watha. Kwa mayi Madina sangakhale chabe, ndipo kumudzi mukuti kuli njala. Akumukonda. Akuti ndi wachangu, ndipo amathandiza ana awo masamu.

Sindinamuuze. Lachinayi lililonse timakumana ku Bertrams, timadya limodzi, ndimakonza pakhosi, kenako ndimamufunsa ngati juzi ikumukwana, poti kuno kwayamba kuzizira. Chabwino n'chiti, alamu: mwana azidziyesa wolephera, kapena adziwe kuti anapambana koma bambo ake ndi malume ake anamubisa? Ine sindikudziwa. Inu munakhalitsa ku madarasa kundiposa, mwina mukawafunse a shehe. Muwapemphenso mlongo wanu kuti asamulembere kaye za zimenezi.

Wandipatsa kalata yake yomata kuti ndiike muno. Sindinaitsegule.

Mlamu wanu,
Binali


Bertrams
7 Meyi 1992

Okondedwa amalume,

Asalaamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi amayi. Ine ndili bwino. Ndikugwira ntchito kwa azungu ena pafupi ndi kwa ababa. Si yovuta, koma nsalu zawo zina zimapsa msanga ndi simbi ya magetsi. Amanditcha Mona poti akuti dzina langa ndi lalitali.

Amalume, ndikudziwa kuti ndinakuchititsani manyazi kawiri, ndiponso munavutika kundibisa chifukwa cha dzina lija. Ababa salankhula, koma ndimaona kuti akhumudwa nane. Akandiyang'ana amasiya kudya.

Ndaganizira bwinobwino pamene ndinalakwitsa. Pa masamu panali mafunso awiri a maperesenti amene ndinathamangira, ndipo pa jogalafe ndinasokoneza mitsinje. Ndikanakhoza amenewo mwina akananditenga. Kuno amadamu anandipatsa mabuku akale a mwana wawo wamkulu amene amafuna kutaya. Ndikamaliza kusita ndimawerenga. Maperesenti tsopano sakundivutanso.

Sukulu ya kuno ndaona kuti sizitheka, ndipo sindikufuna ababa agulitse suti yawo. Ndiye ndikupempha kuti mukandilembetsenso Sitandade 8 zikamatsegulidwa mu Okutobala. Fizi ndi ndalama ya basi ndidzalipira ndekha. Ngati ahedi aja adakali okwiya, mundipezere sukulu ina, ngakhale yakutali, ndiziyenda. Dzina musankhe ndinu, lililonse ndidzayankha.

Muwauze amayi kuti mpango sindinavule. Muwauzenso kuti asataye mtima. Ulendo uno ndidzalimbikira kwambiri, kuti boma lisapezenso chifukwa chondisiyira.

Ndine mwana wanu,
Mwanasha